Ufa wa M'thunthu la Sago

M'madambo a mtsinje wa Sepik ku Papua New Guinea, chakudya cha tsiku ndi tsiku chimachokera m'thunthu la mtengo wa sago, wooneka ngati chiwale. Mtengowu umachita maluwa kamodzi kokha, kenako umafa. N'chifukwa chake amaugwetsa usanachite maluwa, ufa udakali wodzaza mkatimo. Abambo amang'amba thunthu n'kuphwanya zamkati. Amayi amazikanda m'madzi, kusefa, n'kudikira kuti ufa udikhe pansi. Ndi ntchito yakalavulagaga, koma mtengo umodzi umadyetsa banja milungu ingapo, ndipo patsinde mphukira zimakhala zitamera kale.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ku Indonesia madambo otere akuumitsidwa kuti adzalemo mitengo ya mafuta ophikira. Eni malowo ayenera kufunsidwa kaye.