MVULA IKAKATA KANTHAWI

Pali funso limene wansembe kapena mphunzitsi wa mpingo amalimva pozonda odwala ku Misesa, ku Ndirande ndi ku Bangwe. Munthu anadwala khansa, nalandira mankhwala ku Gulupu miyezi yambiri, napeza bwino. Koma patapita caka nthenda ija yabweranso. Tsopano madokotala ampatsa mankhwala, nampumuza, nampatsanso. Ndipo iye afunsa: "Kodi masiku opumawa ndi moyo weniweni, kapena ndangokhala pa mzere kudikira kuti dzina langa liitanidwe?" Funso limeneli liyenera yankho loona.

Cifukwa ca mpumulo

Tiyambe tamvetsa zocitika m'thupi. Khansa si ufiti, si cilango ca Mulungu, ndipo munthu saitenga pakudya mbale imodzi ndi wodwala ai. Ndi tizigawo ta thupi lomwelo timene tayamba kuswana kosaleka. Mankhwala amphamvu a m'dripi, amene madokotala awacha chemotherapy, amapha tizigawo toswana msanga, koma pakutero amafooketsanso magazi nathothola tsitsi. Ncifukwa cake amaperekedwa modukiza, kawirikawiri pakapita masabata atatu, ndipo asanapereke ena amayamba ayeza magazi. Nthenda ikagona, dokotala akhoza kupumuza munthu miyezi ingapo. Ikadzukanso, nkuti tizigawo tocepa tinapulumuka osaoneka. Sikuti wodwalayo anacimwa kapena anapemphera mopereweza.

Tsono mpumulo suli wacabe. Taonani mlimi m'mwezi wa Januwale. Mvula ikakata masiku anai, iye sanena kuti dzinja latha. Ndiponso sakhala pakhonde kuwerenga mitambo. Atola khasu nakapalira, pakuti udzu wozulidwa padzuwa ndiwo umauma. Adziwa kuti mvula idzabweranso, ndipo kudziwa komweko kumfulumiza.

Misampha iwiri

Msampha woyamba ndi mantha. Alipo odwala amene tsiku lopita ku cipatala likali kutali, mtima wao wafika kale kumeneko. Kamutu kakawawa ati nthenda yafalikira. Nsima iwakanika, tulo tiwathawa. Motero khansa, imene inalanda masiku a mankhwala, ilandanso masiku a mpumulo osawamenyera nkhondo. Kuopa si chimo, pakuti Ambuye athu omwe anagwidwa ndi nkhawa m'munda wa Getsemani. Koma kupereka masiku abwino kwa mantha ndiko kulipira ngongole tsiku lake lisanafike.

Msampha waciwiri ndi kudzinyenga. Munthu akangoyamba kudya ndi kuyenda, amafika ena namuuza kuti wacira kotheratu, ataye buku la cipatala, pakuti kubwererako nkusowa cikhulupiriro. Ena amgulitsa mabotolo a zitsamba pa mtengo wa thumba la cimanga. Cikhulupiriro sicidana ndi mankhwala. Mfumu Hezekiya atadwala, Mulungu anamva pemphero lake namuonjezera zaka 15. Komabe mneneri Yesaya analamula kuti aike nkhuyu pa cotupa cake. Pemphero ndi mankhwala zinayendera pamodzi. Ndipo tikumbukire kuti Hezekiya yemweyo, atacira, anaonetsa cuma cake conse kwa amithenga a ku Babiloni, nadzudzulidwa. Masiku oonjezedwa sakhala oyera paokha. Amayera ndi zimene munthu aikamo.

Citsanzo ca mbusa wina

Kadinala Joseph Bernardin, Arkiepiskopi wa ku Chicago, anapezeka ndi khansa mu Juni 1995. Anamcita opaleshoni, nalandira mankhwala, ndipo nthenda inagona kupitirira caka. Pa nthawi imeneyo sanadzitsekere m'nyumba. Anabwerera ku nchito yake, nayamba utumiki watsopano woyendera odwala khansa anzake, kuwalembera makalata ndi kuwapempherera mazanamazana pochula maina ao. Mu Ogasiti 1996 nthenda inabwerera m'ciwindi. Iye anauza anthu ake poyera, nakonza za dayosizi yake, natsiriza kabuku kake The Gift of Peace masiku ocepa asanamwalire pa 14 Novembala 1996. Kodi tinganene kuti caka cija cinali kudikira cabe? Ai ndithu, cinali cimodzi mwa zaka zobala zipatso zambiri m'moyo wake.

Tonse tiri pakati pa mvula ziwiri

Wina adzati: "Nkwapafupi kulankhula conco uli wamoyo wathanzi." Zoonadi, ululu wa wodwala audziwa ndi mwini wake. Koma ife a ku Blantyre sitinaiwale mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe Freddy anagumula phiri la Soche, ndipo anthu a ku Chilobwe ndi ku Manja, amene anagona opanda nthenda iri yonse, anakokoloka ndi matope. Palibe mmodzi wa ife amene anasainirana ndi mawa. Wodwala khansa asiyana nafe pa cinthu cimodzi: iye wacenjezedwa. Tsiku limene adzuka ndi mphamvu, naotha dzuwa, namva zidzukulu zikusewera pabwalo, ndi tsiku lathunthu lopatsidwa ndi Mlengi, losacepa pa tsiku la wina ali yense.

Zoyenera kucita

Inu odwala, poyamba samalani thupi: idyani bwino, pewani khamu la anthu a cimfine pamene magazi ali ofooka, ndipo thupi likatentha thamangirani ku cipatala tsiku lomwelo. Sungani tsiku limene dokotala analemba. Kaciwiri, konzani zimene mwakhala mukuzengereza, pakuti zengerezu adalinda kwaukwau: yanjanani ndi mbale amene simulankhulana naye, nenani poyera za nyumba ndi za ana pamaso pa mboni, kuti amasiye asadzalandidwe katundu. Kacitatu, landirani masakramenti a Kulapa, Ukaristia ndi Kudzoza Odwala muli ndi nzeru zanu zonse. Mafuta oyera si cizindikiro ca imfa, ndipo akhoza kulandiridwanso nthenda ikakula. Kacinai, sangalalani osacita manyazi. Pitani ku ukwati wa mphwanu, kaoneni kumudzi, bzalani mtengo wa mango.

Ululu ukakula musaubise poyesa kuti kupirira kokha ndiko kukondweretsa Mulungu. M'caka ca 1957 Papa Pius XII anaphunzitsa kuti Mkristu aloledwa kumwa mankhwala opha ululu, ndi kuti sakakamizidwa kulandira cithandizo colemetsa kopitirira muyeso. Ku Gulupu kuli a Tiyanjane, amene nchito yao ndi kucepetsa ululu ndi kulimbikitsa mabanja.

Inu abale, musalire maliro munthu ali moyo, ndipo musamlande khasu lake lonse. Msiyeni aphike, aimbe m'kwaya, alangize ana. Inu aphunzitsi a mpingo ndi atsogoleri a miphakati, musadikire uthenga woti zabvuta. Dziwani masabata amene wodwala wanu ali pa mpumulo, mumtengere ku Misa, mumpatse kanchito koyenera mphamvu zake, musonkhe ya minibasi ya tsiku la cipatala.

Mvula idzabweranso pa nthawi yake, ndipo Mwini munda adziwa tsiku lokolola. Lero kwaca bwino, tiyeni tikapalire. Amai Maria, Ociritsa odwala, atipempherere ife tonse.