Chikukoka Ana Athu m'Phanga la Zilombo N'chiyani?

Madzulo pa Mtengowanthenga, pamene mabasi akudutsa pa msewu wa M1 kulowera ku Mponela, timapeza anyamata ataunjikana pakhonde la sitolo, maso onse ali pa foni imodzi. Tikasuzumira timaona kamunthu konyamula lupanga kakutsikira m'phanga lamdima. M'menemo kamamenyana ndi zilombo, kamatola golide ndi zida, ndipo kakapambana kamatsikiranso pansi pena poopsa koposa. Ife makolo timangopukusa mitu. Koma tisanadzudzule, tiyeni tiyambe tadzifunsa: kodi chikuwakoka n'chiyani?

Masewera otere sanayambe lero. Mu 1974 ku America, Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa Dungeons & Dragons, masewera a patebulo a mapepala ndi madayisi. Mu 1980 kunabwera Rogue, a pakompyuta, amene phanga lake limasintha nthawi iliyonse munthu akayambanso. Nafenso tinakulira nthano za pamoto za mwana wolowa m'phanga la chilombo, ndipo tinkamvetsera mitima ikugunda, podziwa kuti agogo ali pomwepo. Mantha opanda ngozi amakoma.

Komabe ife tikuganiza kuti chikoka chachikulu ndi chilungamo cha m'phangamo. Kumeneko thukuta silipita pachabe. Ukapha chilombo, mphamvu zako zimakwera pomwepo, maso ako akuona. Ukagonja, umadziwa pamene walakwitsa. Tsono taganizani za mnyamata wa m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi. Amafesa fodya ku nazale, kuthirira, kuwokera ndi mvula yoyamba, kuthyola, kusoka ndi kuumitsa m'chigafa, koma mtengo amakaumvera ku okushoni ku Kanengo patapita miyezi yambiri, ndipo woutchula ndi wina. Mnzake anakhoza mayeso a Fomu 4, koma satifiketi ikungogona m'sutikesi. Kodi tidabwe ngati ana otere athawira kumene ntchito ilipira msanga?

Njala yofuna kuyesedwa ndi kuona zipatso za manja ako si yoipa. Ndi yomweyo imene inautsa makolo athu m'mamawa kukaswa mphanje. Vuto ndi lakuti kulimba mtima kwenikweni kumaoneka pamene pali chotaya ndiponso wina wopindula. Msilikali wa m'foni akafa, mwana amangoyambiranso. Akapambana, golide wakeyo sagula ngakhale kathumba ka mchere. Chimene chimapita osabwerera ndi nthawi. Mu 2019 bungwe la zaumoyo la World Health Organization linavomereza kuti kukodwa m'masewerawa mpaka kusiya maphunziro, ntchito ndi abale ndi matenda, ngakhale kuti amagwira ochepa mwa osewera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kulanda foni kokha sikungathetse njalayo. Tidziyese tokha, makolo anzathu. Ndi liti pamene tinapatsa mwana mizere yakeyake ya soya, ndalama zake n'kukhaladi zake? Ndi liti pamene tinamutuma ntchito yovuta, n'kumuyamika pamaso pa anthu ataimaliza? Makina aphunzira kuuza ana athu kuti achita bwino, pamene ife pakamwa pathu pamalemera.

Aseweretu pa nthawi yake, monga ife timasewerera bawo tikaweruka kumunda. Koma pakhomo pakhale ntchito yoyenera mphamvu zawo, ndi munthu woiona ikatha.