Amisiri Osaoneka a pa YouTube

Pomwe madzi a tiyi akuwira, tiyeni tikumbukire anthu amene satchulidwa kawirikawiri: amisiri okonza mapulogalamu a pa intaneti.

Mu 2014, kanema wa nyimbo ya Gangnam Style, ya Psy wa ku South Korea, anaoneredwa koposa maulendo 2 biliyoni pa YouTube. Chowerengera oonera chinali ndi polekezera: 2,147,483,647. Amene anachilemba kalelo sanalote n'komwe kuti kanema mmodzi angadzafike pamenepo. Nambala ikapyola malire otere, kompyuta imasokonezeka, mwinanso n'kuonetsa nambala yochepera pa ziro. Amisiri a pa YouTube anakulitsa posungira nambalayo, kuchoka pa 32-bit kufika pa 64-bit, ndipo oonera anapitiriza kuvina osadziwa kanthu.

Ntchito imeneyi ilibe nthungululu. Munthu amatha tsiku lathunthu akusakasaka mzere umodzi wolakwika, akaupeza n'kuyesa mobwerezabwereza, kuopa kuti pokonza apa wawononga apo. Kunena zoona, ine ndimawalemekeza kuposa opanga zatsopano, amene amatchuka msanga.

Pulogalamu ya pa foni yanu ikapempha kuti muikonzenso lero, musainyalanyaze. Muli thukuta la munthu mmenemo.