Mlendo ndi mame

Akuluakulu anati, "Mlendo ndi mame." Mame sachedwa kukamuka, choncho mlendo timusamale akadali nafe. M'busa nayenso ndi mlendo: mpingo umamutuma, nthawi ikakwana n'kumusamutsa.

Ku Chanyanya, dera la asodzi m'mbali mwa mtsinje wa Kafue ku Zambia, ubusa suthera paguwa. Abusa amazonda odwala, amaika maliro, amayanjanitsa mabanja, amapempherera abambo ochezera pamadzi ndi maukonde. N'chifukwa chake tsiku lotsazikana limalemera. Mphatso monga nsomba zouma, nkhuku, chitenje cha amayi busa, zonsezi sizingalipire thukuta lawo, koma zimanena zakumtima.

Komatu kuthokoza kusadikire tsiku limenelo. Abusa atsopano akabwera tiwalandire ndi manja awiri, tigwire nawo ntchito, ndipo zikomo wathu amumve akadali pakati pathu.