KODI MZIMU WA MUNTHU UTSALA PAKHOMO PA OFESI?

M'maofesi ambiri a Boma m'dziko lathu la Zambia msonkhano suyamba popanda pemphero. Wapampando apempha wina kuti atsogolere, onse aweramitsa mitu, ndipo "Amen" amveka kufikira panja. Koma panja pomwepo, pa benchi la m'khonde, pakhala mkazi wamasiye amene anacoka kumudzi ndi ndalama zokongola kudzafunsa za penshoni ya mwamuna wace. Amuuza kuti fayilo siioneka, abwere mawa; ndipo iye adziwa bwino lomwe kuti ikadaoneka lero akadakhala ndi kanthu kopatira m'dzanja la munthu. Nthawi zina wopemphera m'katimo ndi wobisa fayiloyo ndiye munthu mmodzi yemweyo. Apa ndipo pagona funso limene ndifuna kuti tilingalire pamodzi, inu owerenga: kodi mzimu wa munthu ulowa naye m'nyumba ya nchito, kapena utsala pakhomo? Ndipo ngati tifuna atsogoleri a mtima umodzi, tidzawaumba bwanji?

Ndikati mzimu ndinena cija ciri m'kati mwa munthu cimene cimuuza kuti pamwamba pa Bwana wace pali Wina amene aona zobisika, ndi kuti munthu woima patsogolo pace, ngakhale abvale nsanza, ali munthu mnzace. Ena acicha cikumbumtima, ena acicha kuopa Mulungu. Makolo athu anacicha umunthu. Munthu wosowa cimeneci iwo amati si munthu, ngakhale ayende ndi miyendo iwiri.

Alipo anthu anzeru amene anena kuti zotere ziyenera kutsala kunyumba. Iwo ati nchito ndi nchito, cipembedzo ndi cipembedzo. Boma linalemba kalaliki cifukwa ca luso lace, silinamlembe cifukwa ca mapemphero ace. Mau awa tisawanyoze, pakuti muli coonadi m'menemo. Ofesi ya Boma ndi ya anthu onse, Akristu, Asilamu, Ahindu ndi iwo amene athira nsembe kwa mizimu ya makolo, popeza onsewa apereka msonkho. Mkulu wa nchito akayamba kukweza okha a mpingo wace, kapena kukakamiza anyamata ace kupemphera monga apempherera iye, wasandutsa cipembedzo kukhala cikwapu. Ndiponso munthu wopemphera kwambiri koma wosadziwa kuwerengera ndalama adzaononga cuma ca anthu monga momwe mbala ikadacitira. Cifukwa cace luso liyenera kukhalapo, ndipo palibe pemphero limene lingalowe m'malo mwace.

Koma iwo onena motero aiwala kanthu kamodzi, ndiko kuti munthu sagawika monga nsima. Amene tigwira nchito ya ukalaliki tidziwa kuti mphamvu yathu yeniyeni iri m'tinthu tating'ono timene buku la malamulo silifikako. Ndine amene ndisankha fayilo yoika pamwamba ndi yoika pansi. Ndine amene ndisankha kuuza nkhalamba yosadziwa kuwerenga mapepala onse ofunika lero lomwe, kapena kuiuza limodzi limodzi kuti iyende maulendo anai. Palibe woyang'anira amene angandigwire pa zimenezi, ndipo kompyuta imene yalowa m'malo mwa taipi sinasinthe kanthu, pakuti nayonso iyembekeza cala ca munthu. Pa malo amenewa, pamene diso la Bwana silifika, cotsala ndi cokhaco cimene munthu ali naco m'kati. Tsono ngati ziri tero ndi kalaliki wamng'ono, nanga mkulu wolamulira anthu mazana?

Makolo athu anadziwa ici, ndipo cifukwa cace sanalonge mfumu tsiku limodzi. Pakati pa Acewa ufumu utsata kucikazi, koma sikuti mwana wa mlongo ali yense angaulowe. Akulu a mbumba, makamaka amai, ayamba ayang'ana makhalidwe a ana ao kuyambira ubwana: uyu ngwaukali, uyu ngwaumbombo, uyu adziwa kumvera anthu. Wosankhidwayo amlowetsa m'nyumba, ndipo mafumu anzace ndi anamkungwi amlanga: asaweruze mlandu atamva mbali imodzi, asadye yekha, asasirire akazi a eni, asatukwane, alandire alendo. Amuuza kuti mfumu ndi dzala, potayira zinyalala zonse za mudzi, ndi kuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Ngakhale maina a mfumu yaikuru ya Acewa, imene anthu a maiko atatu adza kudzailambira pa Mkaika ku Katete mwezi wa August, ali ndi phunziro lomweli, pakuti akulu awamasulira motere: Kalonga ndiye wolonga mafumu, Gawa ndiye wogawa dziko, Undi ndiye wocinjiriza anthu ace. Maina onse atatu anena za nchito imene acitira anthu ena. Sindinena kuti mafumu onse anasunga malango awa. Alipo amene anagulitsa anthu ao kwa ogula akapolo cifukwa ca nsaru ndi mfuti. Koma mudzi unadziwa muyeso woyesera mfumu, ndipo wolakwa anadziwika kuti walakwa.

Amishoni nawonso, pamene anacita bwino, anatsata njira yofanana. Mishoni ya Livingstonia inayamba mu 1875, ndipo mu 1894 Dr Robert Laws anatsegula sukulu yaikuru ya Overtoun pa Khondowe. Kumeneko mnyamata amaphunzira mabuku, amagwira nchito ya manja, namaphunziranso Mau a Mulungu, zonse pamodzi. Kunacokera aphunzitsi, alaliki, amisiri a matabwa, osindikiza mabuku, othandiza m'cipatala ndi akalaliki amene anafalikira m'maiko ambiri. Kuno kum'mawa kwa dziko lathu mishoni ya Dutch Reformed inakhazikika pa Magwero mu 1899, ndipo nayonso inaphatikiza sukulu ndi nchito za manja. Boma la Atsamunda linafuna anthu awa kuti akhale olemba ndi omasulira okha, osakwera pamwamba. Koma munthu wophunzitsidwa kuti ali cifaniziro ca Mulungu sakhala cete nthawi yaitali. Mu 1912 Levi Mumba ndi anzace anayambitsa North Nyasa Native Association, ndipo iye yemweyo anadzakhala mtsogoleri woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944. Kuno kwathu Donald Siwale ndi David Kaunda, atate ace a Kenneth Kaunda, anali pakati pa oyambitsa bungwe lotere pa Mwenzo. Utsogoleri wa mtundu wathu unaphukira pa matebulo a akalaliki ndi aphunzitsi amene cikhulupiriro cao sicinatsale m'kacisi.

Pamene tinalandira ufulu pa 24 October 1964, dziko lonse linali ndi anthu ngati 100 okha otsiriza maphunziro a yunivesite. Mipando inali yambiri, anthu okonzeka anali owerengeka, ndipo nthawi yolanga munthu panalibe. Kuyambira pamenepo tayesa mankhwala atatu. Oyamba anali sukulu: University of Zambia inatsegulidwa mu 1966, ndipo lero ali ndi madigiri ngosawerengeka. Aciwiri anali lamulo. Dr Kaunda anaphunzitsa Humanism kuyambira mu 1967, kuti munthu ndiye akhale pakati pa zonse; malamulo akulu a dziko a mu 1973 anali ndi Leadership Code, yoletsa atsogoleri kudzikundikira cuma ali pampando; ndipo lamulo la mu 1980 linabala Anti-Corruption Commission yolimbana ndi ziphuphu. Acitatu anali cibvomerezo ca pakamwa: mu December 1991 Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko la Cikristu, ndipo mu 1996 mau amenewa analembedwa kumayambiriro a malamulo akulu a dziko.

Mankhwala onsewa ali ndi nchito yace, koma palibe amene anaciritsa nthenda pa okha. Sukulu inola nzeru monga munthu anola mpeni, koma siuza mpeniwo cimene uyenera kudula. Lamulo ligwira wakuba wopusa, koma wocenjera alemba nyumba yace m'dzina la mlamu wace. Cilengezo cisintha dzina la dziko, koma sicisintha dzanja logwira cidindo. Colakwika ncakuti ciri conse ca izi cigwira mbali imodzi ya munthu: cina mutu, cina dzanja, cina pakamwa. Makolo aja ndi aphunzitsi aja anagwira munthu yense, ndipo anacita ici mwa njira imodzi yokha imene iripo, ndiyo ya munthu kukhala pafupi ndi munthu mnzace nthawi yaitali.

Pali mau amene amveka kawirikawiri m'makhonde a maofesi, akuti mbuzi idya pomwe aimangirira. Wonena mau awa sazindikira kuti wadziyesa yekha mbuzi. Komabe tisamuweruze msanga tisanafunse ngati mbuziyo aipatsa madzi. Kalaliki amene malipiro ace satha mwezi, amene ana ace a malemu mbale wace ali pakhomo pace, ayesedwa kopambana mkulu amene alalikira kukhulupirika atatsika m'galimoto. Buku Lopatulika lisamala mbali zonse ziwiri. Yohane Mbatizi sanauze amisonkho kuti asiye nchito yao, koma kuti asalipitse anthu kopitirira muyeso woikika. Ndipo Nehemiya, pokhala kazembe wa Yuda zaka 12, anakana kulandira cakudya cimene cinali coyenera udindo wace, popeza anaona kuti anthu alemedwa. Wamng'ono afunsidwa kukhulupirika, koma wamkulu afunsidwa kuyamba ndiye kudzimana. Mtsogoleri amene afuna manja oyera kwa anyamata ace ayenera kumenyera malipiro ao, masiku ao opuma ndi kukwezedwa kwao kolungama. Akapanda kutero pemphero lace la m'mawa likhala ngati kuwaseka.

Nanga tidzacita ciani? Ine ndiganiza kuti mkulu ali yense wa nchito adziyese namkungwi. Kuongola mtengo mpoyamba: mnyamata kapena mtsikana wolowa nchito aphunzira makhalidwe a ofesi m'miyezi yace yoyamba, ndipo saphunzira m'buku, koma poyang'ana. Aona ngati Bwana afika nthawi yace, ngati apereka moni kwa mesenjala ndi wosesa, ngati galimoto la Boma lipita kumunda wace Loweruka. Mkulu wabwino akhala naye pansi wamng'onoyo, namuonetsa nchito, namufotokozera cifukwa cace pepala iri lifunika ndi amene adzabvutika likacedwa. Ampatsa udindo pang'ono pang'ono. Akalakwa amdzudzula kuseri, akacita bwino amyamika poyera. Adziwa pamene pakhomo pace pagwa maliro kapena matenda, pakuti munthu wosweka mtima sangalembe zolongosoka. Ndipo iye mwini alola kulangidwa. Mfumu inali ndi nduna zimene zinali ndi ufulu woiuza kuti yapotoka. Mkulu wa ofesi amene wazingidwa ndi omuombera m'manja okha ali pangozi yaikuru, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Kunena za pemphero la pamsonkhano, sinditi lileke. Ndi cinthu cabwino kuti anthu akumbuke Mlengi wao asanayambe kukamba za ndalama za eni, malinga ngati wosafuna sakakamizidwa. Koma tidziwe kuti pempherolo ndi lonjezo, ndipo lonjezo ndi ngongole. Munthu akapemphera kuti Mulungu atsogolere nchito ya lero, wadziitanira yekha mboni pa zonse zimene adzacita kufikira nthawi yoweruka. Kupemphera ndi kubwerera ku cinyengo kuipa koposa kusapemphera konse, cifukwa kuphunzitsa ana a nchito kuti dzina la Mulungu ndi mwambo cabe wotsegulira msonkhano. Ndipo tikaona munthu wa cipembedzo cina, kapena wosapita ku kacisi ali yense, amene atumikira anthu molungama ndi mwacifundo, tisakaike kunena kuti mzimu umene tikambawu uli mwa iye.

Cotero yankho langa ndi ili: mzimu wa munthu sutsala pakhomo. Ulowa naye, wabwino kapena woipa, nukhala naye pa mpando, nugwira naye colembera. Dziko lingathe kumanga sukulu zina ndi kulemba malamulo ena, ndipo liyenera kutero. Koma atsogoleri amene adzalamulira zaka 20 zirinkudza ali kale m'maofesi athu lero, akhala pa matebulo a kumbuyo, alikuyang'ana akulu ao. Inu amene muli ndi anthu pansi panu, ngakhale awiri okha, dziwani kuti mulikulonga mfumu, ndipo malango amene idzasunga ndiwo macitidwe anu a tsiku ndi tsiku.