Tsoka silinunkha

Aliyense wotumbula chambo ku Mangochi amadziwa kachikwama kobiriwira komata pachiwindi. Ukakaboola ndi mpeni, ndiwo zonse ziwawa. Ndiyo ndulu imeneyo. Munthunso ali nayo, ndipo nthawi zina m'kati mwake mumaundana timiyala. Ambiri amakalamba nato osadziwa, mpaka tsiku limene adokotala awajambula m'mimba pofufuza vuto lina. Funso limabwera pomwepo: chosapweteka n'kuchichotseranji?

Akuluakulu ponena kuti tsoka silinunkha ankatanthauza kuti choipa sichituma mthenga. Msodzi amachoka pagombe nyanja ili phee, mwera n'kumupeza pakati. Mwambiwu sutiuza kuti tizinjenjemera ndi chilichonse, koma umatsutsa munthu amene amati poti sanamve fungo ndiye kuti zonse zili bwino.

Madokotala amayang'ana pomwe mwala wakhala. Wogona m'kachikwama ka ndulu, osavuta, kawirikawiri amangousiya. Koma wotsikira m'kanjira kochotsa ndulu kuchiwindi kupita kumatumbo ndi nkhani ina. Kanjirako n'kopapatiza, mamilimita ngati 6 basi. Chigogo choyandama panyanja sichisowetsa mtendere aliyense, koma chikapingasa pakamwa pa ngalande madzi amabwerera. Ndulu ikatsekeka maso amachita chikasu, mkodzo umada, thupi limatentha ndi kunjenjemera, mwinanso kapamba kutupa, ndipo munthu angathe kufa m'masiku ochepa. N'chifukwa chake ambiri amalangiza kuchotsa mwala wotere ngakhale uli chete.

Kuchotsako nakonso si masewera. Kuyambira 1974, pamene madokotala a ku Japan ndi ku Germany adayamba kukulitsa khomo la kanjirako ndi chipangizo cholowetsa pakamwa, njira imeneyi, yotchedwa ERCP, yapulumutsa ambiri ku mpeni. Komabe odwala angapo pa 100 alionse amatupa kapamba chifukwa cha njira yomweyo. Walira mvula walira matope. Gogo wofooka ndi matenda a mtima angachite bwino kungoyang'aniridwa.

Ine ndimaganizira za mtunda. Wokhala ku Blantyre chikasu chikamugwira usiku, chipatala cha Queens chili pafupi. Nanga wa ku Makanjira, nyengo ya dzinja, msewu utaterera? Ayenera kufika kaye paboma, kenako atumizidwe ku Zomba kapena ku Blantyre, thupi likuwotcha njira yonse. Ameneyo ndingamuuze kuti apite kukachotsa mwalawo akadali ndi mphamvu zokwera yekha minibasi.