Mita ya batire imanena zimene mwaiuza

Anyamata inu a ku Msaka, Malembo ndi Chembe, amene mumasenza batire madzulo kukaitana usipa, tamverani kuno. Ife tinkapita ku chilimira ndi nyali za palafini, ndipo siginala, woyang'anira nyali, ankadziwa mafuta otsala pongogwedeza nyaliyo. Inu muli ndi mababu ndi kamita kolemba 80%, ndipo mumakakhulupirira kwambiri.

Timamita tambiri timangoyeza mavolti. Batire la asidi la 12 V likadzaza n'kupuma limaonetsa pafupifupi 12.7, likatsika pa 12.2, latsala theka. Koma mukangolichotsa pa sola limakhala lidakali cha pa 13, kamita n'kunena kuti ladzaza. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Lisiyeni maola angapo lisanalumikizidwe ku chilichonse, kenako muyeze.

Mkati mwa batire lililonse muli resistance, imene imagwetsa mavolti mukangoyatsa mababu. Batire likamakalamba resistance imeneyi imakula, ndipo kutentha kwa kuno ku Mangochi kumakalambitsa batire msanga. N'chifukwa chake batire lakale limaoneka lodzaza pagombe, n'kukuzimirani pakati pa nyanja usipa utangoyamba kusonkhana. Mawaya owonda ndi mitu ya batire yochita dzimbiri zimawonjezera vutoli. Palani mituyo, mumange molimba.

Amene mwagula batire la lithium, samalani koposa. Mavolti ake amakhala cha pa 13.2 kwa nthawi yaitali, kaya latsala lambiri kaya latsala pang'ono kutha. Pamenepa pamafunika mita yokhala ndi shunt, kachitsulo kowerenga magetsi olowa ndi otuluka. Pa kachitsuloko pamalembedwa manambala, mwachitsanzo 500 A/50 mV. Lowetsani omwewo m'mita. Mukaiuza 100 A m'malo mwa 500 A, idzawerenga gawo limodzi lokha mwa magawo asanu a magetsi amene mwadya, ndipo idzakusangalatsani ndi bodza usiku wonse. Mawaya onse a negetivu adutse pa shunt. Ngakhale waya wotchajira foni ukailambalala, chiwerengero chasokonekera.

Mitayo muiuzenso kukula kwenikweni kwa batire. Lolembedwa 100 Ah limene lagwira ntchito zaka zingapo silisunganso 100, choncho tsitsani nambalayo. Nthawi ndi nthawi lidzazeni mpaka pamapeto kuti mita iyambirenso kuwerenga pa 100%.

Ana anga, mwera ukavuma usiku, nyaliyo ndi imene anzanu amakuonerani. Musapalase bwato musanayeze batire litapuma.